Ndani Adzasenza Denga la Nkhalamba?

M'midzi yambiri ya ku England muli tinyumba tomangidwa moyandikana m'mene mumakhala anthu okalamba. Aliyense ali ndi khomo lake, amadziphikira yekha, natseka chitseko chake pa nthawi imene wafuna. Koma pafupi pamakhala munthu wowayang'anira, kapena belu loti alize akagwa usiku. M'zaka zino pamamveka kawirikawiri kuti khonsolo kapena bungwe losamala nyumbazo lagamula zozitseka. Zifukwa zake sizisintha: nyumbazo zatha, kuzikonza nkodula, zipinda zina zilibe anthu, ndipo m'tauni muli nyumba yaikulu yamakono kumene onse angathe kukasungidwa pamodzi. Eni mudzi akamva zimenezi amasonkhana, nalemba makalata a madandaulo, nakana kwamtuwagalu.

Wina angayese kuti mkangano umenewu udayamba dzulodzuloli. Iyai. M'dziko lomwelo anthu akhala akukangana pa nkhaniyi kwa zaka pafupifupi 500, ndipo ena adataya moyo chifukwa cha iyo. Tiyeni tsono tiitsate mbiriyi pang'onopang'ono, tione kuti ndi kukana kotani kumene kudapulumutsa nyumba za nkhalamba, ndipo ndi kotani kumene kudangothera m'misozi.

Kumene nkhalamba zinkatsamira

Kale ku England kudalibe penshoni ya boma. Ana ambiri ankachoka pakhomo akadali achinyamata kukagwira ntchito kwa anthu ena, motero munthu akakalamba sankakhala wotsimikiza kuti padzapezeka mwana womutungira madzi. Ambiri ankatsamira pa Eklezia. Dziko lonse lidali ndi nyumba zoposa 800 za amonke ndi asisteri, anthu odzipereka kwa Mulungu okhala pamodzi m'moyo wa mapemphero ndi ntchito, ndipo zambiri mwa nyumbazo zidali kumidzi, m'zigwa ndi m'mapiri.

M'nyumba zimenezi mudali dongosolo lotchedwa corrody. Munthu akaona kuti mphamvu zikumuthera, ankapereka munda wake kapena ndalama zake kwa amonke, iwowo namulembera chikalata chomulonjeza kachipinda, buledi ndi mowa tsiku ndi tsiku, nkhuni, makandulo ndi chovala chaka ndi chaka, mpaka tsiku la imfa yake. Antchito amene adatumikira nyumbayo mokhulupirika nthawi zina ankalandira zomwezo kwaulere. Osauka a m'midzi yozungulira ankalandira chakudya pachipata.

Padalinso nyumba zomangidwira okalamba ndi odwala okhaokha. Pafupi ndi Winchester, Episkopi Henry of Blois adamanga nyumba ya St Cross m'zaka za m'ma 1130, kuti isunge amuna osauka 13 amene mphamvu zidawathera, ndi kudyetsa ena 100 tsiku lililonse. M'mudzi wa Ewelme, William de la Pole ndi mkazi wake Alice adalandira chilolezo m'chaka cha 1437 chomanga tinyumba ta amuna osauka 13 pambali penipeni pa tchalitchi. Yaikulu koposa kumpoto idali St Leonard's ya ku York, imene pa nthawi zina inkasunga odwala ndi okalamba oposa 200. Chuma chake china chinkachokera kwa alimi: pulawo iliyonse ya m'dera lalikulu la kumpoto inkayenera kupereka mitolo ya tirigu chaka ndi chaka.

Tisaikometse mbiriyi kopitirira. Akatswiri amene adawerenga mabuku a chuma a nyumba za amonke adapeza kuti zimene zinkapita kwa osauka sizinkafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a chuma chonse. Malo a corrody kawirikawiri ankagulidwa ndi anthu opezako bwino, ndipo mafumu ankakakamiza amonke kuti asunge antchito ao opuma. Komabe kwa nkhalamba ya m'chigwa chakutali, chipata cha amonke ndicho chidali chipata chokhacho chimene ikadagogoda.

Muyeso wa mapaundi 200

M'chaka cha 1534 Mfumu Henry VIII adadzitcha mutu wa Eklezia m'dziko lake, atapatukana ndi Papa. Chaka chotsatira nduna yake, Thomas Cromwell, idatuma anthu kukawerengera chuma cha Eklezia m'dziko monse, ndipo zonse zidalembedwa m'buku lotchedwa Valor Ecclesiasticus. M'mwezi wa Malichi 1536 Nyumba ya Malamulo idavomereza kuti nyumba iliyonse ya amonke kapena asisteri imene chuma chake sichinkafika mapaundi 200 pachaka itsekedwe, ndipo katundu wake apite kwa mfumu. Lamulolo lidanena kuti m'nyumba zazing'ono mudadzaza makhalidwe oipa, ndi kuti okhalamo adzathandizidwa bwino akasamutsidwira ku nyumba zazikulu.

Taonani muyeso umene adagwiritsa ntchito. Sadafunse kuti pachipata pa nyumba iliyonse pamadya anthu angati, kapena kuti kuchokera pamenepo kukafika pa nyumba ina pali mtunda wotani kwa munthu woyenda ndi ndodo. Adafunsa za mapaundi okha. Tsono popeza kumpoto kudali kosauka, nyumba zambiri zazing'ono za kumeneko zidagwera pansi pa muyesowo, pamene kumeneko ndiko zinkafunika koposa.

Anthu a kumpoto akana

Pa 28 Sepitembala 1536 amithenga a mfumu adafika ku Hexham kudzatseka nyumba ya kumeneko. Adapeza mabelu akulira, zipata zili zotseka, ndipo anthu a m'mudzimo ataima mumseu ndi zida m'manja. Amithengawo adabwerera osachita kanthu. Patangopita masiku owerengeka, kuyambira pa 1 Okutobala, anthu a ku Louth m'chigawo cha Lincolnshire adaukira, motsogozedwa ndi munthu wosoka nsapato, Nicholas Melton. Kuukira kwa ku Lincolnshire kudazilala pasanathe masabata atatu, koma moto udali utalumphira kale ku Yorkshire.

Kumeneko mtsogoleri adali Robert Aske, katswiri wa malamulo. Iye sadalole kuti anthu ake adzitche oukira. Adati iwo ndi amwendamnjira, ndipo ulendo wao udatchedwa Pilgrimage of Grace, ndiye kuti Ulendo wa Chaulere. Pa mbendera zao adajambula Mabala Asanu a Ambuye Yesu. Pa 16 Okutobala adalowa mumzinda wa York, ndipo Aske adalamula kuti amonke ndi asisteri amene adachotsedwa abwerere m'nyumba zao. Ku Sawley ndi kumalo ena anthu wamba adawabwezeramo ndi manja ao. Pofika kumapeto kwa mweziwo anthu ngati 30,000 adali ataima m'mbali mwa mtsinje wa Don pafupi ndi Doncaster, moyang'anana ndi gulu la nkhondo la mfumu limene lidali lochepa kwambiri poyerekeza ndi iwo.

Sitinganene kuti onsewo adanyamuka chifukwa cha nkhalamba zokha. Ena adakwiya ndi misonkho, ena ndi eni minda okweza mitengo, ena ndi kuthetsedwa kwa masiku oyera, ndipo ambiri adamva mphekesera yakuti zikho ndi mitanda ya m'matchalitchi ao zilandidwa. Koma pambuyo pake, pamene Aske ankafunsidwa mafunso m'ndende ya Tower of London, adaika nkhani ya nyumba za amonke patsogolo pa zonse. Adafotokoza kuti kumpoto nyumbazo zinkapereka zachifundo zambiri kwa osauka, zinkagoneka alendo m'malo amapiri kumene kulibe pena pogona, zinkasamala milatho ndi miseu, ndi kuti zikatsekedwa chuma cha minda yake chidzatuluka m'deralo kupita kwa anthu okhala kutali.

Mfumu idaona kuti singapambane ndi lupanga, motero idapambana ndi lonjezo. Kumayambiriro kwa Disembala nthumwi yake, Duke of Norfolk, idalonjeza chikhululukiro kwa onse, ndiponso kuti Nyumba ya Malamulo idzakumana ku York kuti imve madandaulo ao. Aske adakhulupirira, nauza anthu kuti abwerere kwao. Msonkhanowo sudachitike konse. Mu Januwale 1537 kagulu kena kadaukiranso, ndipo mfumu idapezerapo mwai wofafaniza zonse zimene idalonjeza. Anthu ngati 200 adaphedwa, pakati pao akulu a amonke a ku Whalley ndi ku Jervaulx. Aske adapachikidwa ku York pa 12 Julayi 1537. Pambuyo pake nyumba zazikulu nazonso zidayamba kugwa, zija zimene lamulo loyamba lidaziyamikira. St Leonard's idaperekedwa kwa mfumu m'chaka cha 1539, ndipo yotsiriza, ya ku Waltham, idatsekedwa mu Malichi 1540. Mtovu wa pamadenga udasungunulidwa, mabelu adagulitsidwa, mvula nkulowa.

Nanga nkhalamba zija? Amene adali ndi chikalata cha corrody kawirikawiri ankapatsidwa ndalama pachaka m'malo mwa kachipinda ndi buledi. Pa pepala sadataye kanthu. Koma ndalama siikoleza moto ndipo siizindikira kuti lero agogo sadatuluke m'nyumba. Kuwonjezera apo, kuyambira 1544 mfumu idayamba kusakaniza ndalama zasiliva ndi mkuwa, mitengo ya zinthu nkukwera, penshoniyo nkutha mphamvu. Osauka a pachipata, amene adalibe chikalata chilichonse, sadalandire kanthu. Mzinda wa York udadikira mpaka 1740 kuti ukhalenso ndi chipatala chachikulu.

Kukana kwa mtundu wina

Pa nthawi yomweyo anthu a ku London adatsata njira ina. M'chaka cha 1538 mkulu wa mzindawo, Sir Richard Gresham, adalembera mfumu kupempha kuti nyumba zosungira odwala ndi okalamba, monga St Bartholomew's ndi St Thomas's, ziperekedwe m'manja mwa eni mzinda kuti azisamale okha. Gresham sadali woyera mtima wa pa guwa: patapita zaka ziwiri iye yemweyo adagula nyumba yaikulu ya amonke ya Fountains ndi minda yake. Yankho la mfumu lidachedwa zaka zambiri, koma eni mzinda sadaleke kugogoda. Pomaliza, mu Disembala 1546, mfumu ili pafupi kufa, idavomera kupereka St Bartholomew's pamodzi ndi chuma choposa pang'ono mapaundi 333 pachaka, pa pangano lakuti eni mzinda nawonso azisonkha zofanana ndi zimenezo. Iwo adavomera, nasonkha. St Thomas's idatsekulidwanso pa nthawi ya Mfumu Edward VI. Zipatala ziwirizi zikugwirabe ntchito mpaka lero.

Nzoona kuti London idali ndi amalonda olemera, ndipo mfumu inkafuna ubwenzi wao, pamene alimi a kumpoto adalibe zimenezo. Sitingawadzudzule anthu amene adanyengedwa ndi lonjezo la mfumu yao. Komabe pali chinthu china chimene mbiri idasunga. M'chaka cha 1469, zaka 67 Aske asanaguluke, anthu a ku Yorkshire adaukirapo kale, ndipo limodzi mwa madandaulo ao lidali mitolo ya tirigu ija imene ankapereka ku St Leonard's. Makolo adakana kuisenza nyumbayo, zidzukulu zao zidaona ikugwa. Munthu amaudziwa ubwino wa chitsime chikaphwa.

Pamene anthu wamba adayamba kudzimangira okha nyumba za nkhalamba zao, zinthu zidasintha. Lamulo la 1597 lidalola munthu aliyense kumanga nyumba yosungira osauka popanda kupempha chikalata chapadera kwa mfumu, ndipo la 1601 lidaika udindo wosamala osauka pa parishi iliyonse, mwa msonkho wa eni mudzi. M'midzi yambiri mudamangidwa tinyumba ta parishi m'mene amasiye ndi okalamba ankatsirizira moyo wao pakati pa anthu owadziwa.

Mkangano ubweranso

M'chaka cha 1834 owerengera chuma adabweranso ndi muyeso wao. Adati kusamala osauka parishi ndi parishi nkowononga ndalama. Lamulo latsopano lidaphatikiza maparishi ambiri kukhala gulu limodzi, ndipo gulu lililonse lidayenera kukhala ndi nyumba imodzi yaikulu yotchedwa workhouse. Tinyumba tambiri ta m'midzi tidagulitsidwa. Moyo wa mu workhouse adaupanga dala kukhala wowawa kuti anthu aziopa kupemphako thandizo, ndipo mwamuna ndi mkazi wake ankawalekanitsa pakhomo, ngakhale amene adakhala limodzi zaka 50.

Anthu adakananso. Mu Meyi 1835, ku Chesham m'chigawo cha Buckinghamshire, khamu la anthu lidaimitsa ngolo imene inkasamutsa osauka a kwao kupita nawo ku Amersham, niliwatsitsa. Mtunda wa pakati pa malo awiriwa ndi waufupi, koma eni mudzi adadziwa kuti kwa munthu wofooka mtunda waufupi nkudziko lachilendo. Boma lidatumiza apolisi, ndipo lamulo lidapambana. Ku Todmorden zidayenda mosiyana. Kumeneko John Fielden, mwini mafakitale a nsalu amene adalinso phungu wa Nyumba ya Malamulo, adatsogolera anthu kukana. Iwo adapitiriza kuthandiza osauka ao m'makomo mwao momwemo ndi msonkho wao, ndipo sadalole kumanga workhouse kwa zaka pafupifupi 40, mpaka 1877. Madandaulo a m'dziko lonse adakakamizanso Nyumba ya Malamulo kuvomera, m'chaka cha 1847, kuti okwatirana opitirira zaka 60 asamalekanitsidwe mokakamiza.

Penshoni ya boma idayamba kulipidwa mu Januwale 1909: mashiling'i asanu pa sabata kwa osauka a zaka 70 kupita m'tsogolo. Malamulo akale a osauka adathetsedwa mu 1948, komabe mu 1962 katswiri wina, Peter Townsend, adaonetsa m'buku lake The Last Refuge kuti nkhalamba zambiri zidali zikusungidwabe m'zinyumba zakale za workhouse, ndipo adalimbikitsa kuti azimangira okalamba tinyumba taotao pakati pa anthu anzao. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 makhonsolo adamanga tinyumba tambiri totere, tokhala ndi woyang'anira wogona pomwepo. Titero kuti dziko lidayenda ulendo wa zaka zoposa 500 kuti libwerere pa nzeru ya ku Ewelme. Koma mu 2009 boma lidamasula ndalama zimene zidapatulidwira ntchito imeneyi kuti makhonsolo azigwiritse ntchito monga afunira, ndipo oyang'anira ambiri adachotsedwa. Chaka chomwecho nkhalamba za ku Barnet ndi ku Portsmouth zidasumira makhonsolo ao kubwalo lalikulu la milandu nizipambana, chifukwa makhonsolowo sadaganizire mokwanira za olumala. Bwalo lingathe kubweza chigamulo choipa, koma silingalipire woyang'anira mwezi ndi mwezi.

Pakali pano St Cross ndi Ewelme zikusungabe okalamba. Mabungwe oposa 1,600 a nyumba za mtundu umenewu akugwira ntchito m'dzikomo, ndipo ambiri mwa iwo ndi ang'onoang'ono, oyendetsedwa ndi anthu odzipereka a m'dera lomwelo.

Zimene tikutolapo

Choyamba, anthu a ku Hexham, a ku Chesham ndi a m'midzi ya lero sadalakwe pokana. Munthu wokalamba sasamuka ngati katundu. Ali ndi manda a mnzake amene amakawaona, mpando wake m'tchalitchi, ndi anansi odziwa dzina lake la paubwana. Mukamuchotsa pamenepo, ngakhale mumpatse chipinda chowala ndi chakudya chokwanira, mwamulanda zinthu zimene buku la chuma silidziwa kuziwerenga. Mudzi nawonso umasauka, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Lamulo lachinayi la Mulungu silitha mphamvu pa tsiku limene kusunga makolo kwayamba kudula.

Chachiwiri nchowawa. Anthu 30,000 okhala ndi mbendera sadapulumutse nyumba ndi imodzi yomwe, pamene eni mzinda amene adati, tipatseni tiisenze tokha, adapulumutsa zao. Kukwiya kumatha sabata zingapo, koma denga limafuna udzu chaka ndi chaka. Kumene anthu adasiyira mfumu, boma kapena amonke udindo wonse, nyumba idagwa tsiku limene mwini mphamvu adasintha maganizo.

Kwathu kuno nyumba zosungira okalamba nzowerengeka, ndipo timanyadira kuti nkhalamba zathu timazisunga pamudzi. Koma achinyamata akupita ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Johannesburg, ndipo ena mwa ana athu akusamala nkhalamba za eni ake m'nyumba za ku England zomwezo, pamene agogo ao kuno akugona m'kanyumba kodontha. Ndalama za Mtukula Pakhomo, zimene zidayambira ku Mchinji mu 2006, zathandiza mabanja ambiri, ndipo lamulo loteteza okalamba limene Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2024 nlofunika ndithu. Koma tidaona kale zimene zidawachitikira aja adapatsidwa ndalama m'malo mwa khomo. Ifenso tili ndi njira yathu yotsekera nyumba za nkhalamba, yopanda chikalata cha boma: kuzitchula afiti. Mu Januwale 2016 nkhalamba zinayi zidaphedwa ku Neno pa mlandu wotere, ndipo zina zambiri zathamangitsidwa m'midzi imene zidabadwira.

Tsono ife a m'miphakati tisadikire tsiku lolira. Mvula isanagwe, mphakati uliwonse ukhale pansi uwerenge nyumba za okalamba za m'dera lake, udziwe imene ikudontha ndi imene chitseko chake sichitsekeka. Ugawane ntchito potchula maina: womweta udzu, wotunga madzi, wokagogoda m'mawa, woperekeza agogo ku chipatala, woitana wansembe akadwala. Pa chopereka cha mwezi ndi mwezi papatulidwe kagawo ka ntchito imeneyi, kalembedwe m'buku, kawerengedwe pamaso pa onse. Ndipo wina akadzaloza chala nkhalamba ya pakati pathu, atipeze titaima kale pakhomo pake, ife amene tidafolera denga lake ndi manja athu.